Mtolo Umene Ndinakulandani

Kumtunda kwa Bandawe,
Chintheche.
12 Okutobala 2025

Okondedwa achemwali anga Edith,

Timoneni. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli moyo, inu pamodzi ndi alamu a Ackson ndi ana onse kumapiri kwanuko ku Ntchisi. Matenda a shuga aja akukusungani bwanji? Nanga miyendo ya alamu inasiya kutupa? Kuno tilipo. Amuna anga a Gibson chifuwa chinawaleka ndipo abwerera kunyanja, ngakhale usipa wake masiku ano ndi wongonunkhiritsa m'nyumba. Ana ali bwino. Kutentha kokha ndiye kwanyanya, moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndikudziwa kuti akuwerengereni ndi Chiso, ndipo Chitonga cha mwana wanuyo chimathera pa "yewu". Iwe Chiso, uwerenge zonse. Usadumphe pamene pakuchititsa manyazi mayi ako aang'ono, chifukwa nkhani ili pomwepo.

Foni sindinaimbe dala. Mukundidziwa, pakamwa panga pamafika ine ndisanafike. Papita zaka ziwiri tisanalankhulane, chiikireni ama, mayi athu, m'manda, ndipo wolakwa ndine. Ndili ndi pempho, ndipo ndi lalikulu. Koma yambani mwamva zimene zatichitikira kuno.

Munamva pa wailesi kuti chaka chatha nyanja inakwera. Kumva n'kwina, kuona n'kwina. Madzi anadutsa mtengo wa mango uja tinkayanikapo zovala, n'kulowa m'minda yonse ya m'munsi. Chinangwa chikakhala m'madzi milungu iwiri chimakhala ngati wachiviika dala. Anthu ankalowa m'minda mwawo pa bwato kukazula chotsala, koma chinali chitanunkha kale. Ngakhale kumalo ogona alendo kumene amagwira ntchito msuweni wathu Jackie, madzi anafika mpaka kukhitchini.

Munda wa ama wokha, poti uli kumtunda, sunakhudzidwe. Chinangwa chawo chija, chimene mudzi wonse umachitchula ndi dzina lawo kuti cha NyaLongwe, chinaima chobiriwira ngati palibe chachitika. Mukuchidziwa inu. Chimalimba pamchenga, chimapirira dzuwa, ndipo kondowole wake amatuluka woyera, wosawawasa.

Madzi atayamba kuphwera anthu anasamutsira minda yawo kumtunda, koma chobzala analibe. Anayamba kubwera kwa ine, wina ndi chingwe, wina ndi chitenje. Ndinakumbukira mawu a ama akuti mbewu samana, ngakhale wopemphayo akhale amene anakunenera zoipa dzulo. Ndinadula mitengo ya chinangwa mpaka manja anachita matuza. Mabanja makumi atatu ndi limodzi anatuluka m'munda muja atasenza mitolo.

Ndisakunamizeni, ndinanyada. Kutchalitchi anandiimiritsa n'kundiombera m'manja. Ndikamapita kumsika ku Chintheche ndinkayenda pang'onopang'ono kuti ondithokoza asavutike kundithamangira.

Mwezi wa Ogasiti chaka chino, tsiku lina m'mawa, kunabwera Hannah, uja tinkaimba naye kwaya, mkazi wa malemu a Kamanga. Anali ndi beseni pamutu. Sanakhale pansi, ngakhale moni sanandipatse. Anatula besenilo pakhonde, natenga chinangwa chimodzi chachikulu, chosalala bwino kunja, n'kuchidula pakati ndi mpeni. M'kati munali mofiirira ngati dzimbiri, mouma ngati nkhuni yofumbwa. Anadula china, chimodzimodzi. Anadula mpaka beseni lonse linatha.

Kenako anandifunsa, mosakweza mawu n'komwe, kuti kodi iye ndi ana ake asanu ndinawapatsa chiyani.

Ine, mwa khalidwe langa lija, ndinamuyankha kuti mwina dothi la kumunda kwake ndi lomwe lili ndi vuto. Hannah anasiya besenilo pomwepo n'kubwerera kwawo. Pofika madzulo a tsiku lomwelo mabeseni anali asanu ndi awiri pakhonde panga.

Patapita masiku atatu kunabwera alangizi a zaulimi. Ndi mtsikana ndithu, dzina lake Alice Mphande, amayenda pa njinga yamoto ndipo salankhula mozungulira. Anabwera ndi foni imene ukajambula tsamba la chinangwa imakuuza ngati likudwala. Ndinaseka. Ndinamuuza kuti ine ndinabadwira m'chinangwa, sindingaphunzitsidwe masamba ndi foni. Ndinamutengera kumunda n'kumuonetsa nsonga zonse zili biriwiri, ndikumufunsa kuti matenda akewo ali pati.

Iye sanayang'ane nsonga. Anagwada pansi, nalowetsa mutu kunsi kwa chinangwa, n'kujambula masamba akale a m'munsi, aja amatsala pang'ono kugwa. Anandiitana kuti nane ndigwade. Achemwali, masambawo anali ndi timizere tachikasu totsata mitsempha. Foni inati akudwala. Tinajambula mtengo wina, inati akudwala. Tinayenda munda wonse pa maondo.

Alice anandifunsa kuti masamba a m'munsiwo ndinawayang'anako liti. Ife akuno timayang'ana kunsonga, chifukwa ndi kumene timathyola chigwada cha ndiwo. Nsonga zikakhala zanthete timati munda uli bwino. Ndani anagwadirapo tsamba lokalamba loti sadya? Ama sankatero, inu simunkatero, ine sindinkatero. Matendawa anabisala pamalo pamene maso athu safika.

Anafotokoza kuti amafalitsidwa ndi tintchentche toyera, tating'ono ngati gaga, ndipo tachuluka chifukwa kunyanja kuno kukutentha kuposa kale. Koma anati tintchentcheto sitiuluka patali. Chimene chimanyamula matendawa kuchoka mudzi uno kufika mudzi winawo ndi munthu wosenza mtolo. Ananena zimenezi akuyang'ana foni yake, koma ine ndinamva kuti munthuyo ndi ndani.

Pano ndiulule chimene sindinauze ngakhale a Gibson. Ndinali nditaziwonapo. Kwa zaka zitatu, ndikamasenda chinangwa chopita kukaviika, ndinkapeza china chili ndi kachidontho kofiirira m'kati. Ndinkangochotsa ndi mpeni n'kumati ndi mvula yachuluka. Sindinafune kuganiza kuti chinangwa cha ama chingadwale. Ndinagawira anthu ovutika kale mbewu yodwala, ine n'kumalandira m'manja kutchalitchi. Zimandiwawa, achemwali, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Tinazula munda wonse wa ama. Chabwino tinasenda n'kuviika, mitengo tinaunjika n'kutentha. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro, chifukwa pamaliro paja mkwiyo ndi umene unandidzaza. Mabanja enanso aja anazula. Zimene anapulumutsa ziwafikitsa mwina mu Januwale. Panopa ambiri tikusakaniza ndi ufa wa chimanga wogula kumsika. Inde, sekani. Ine amene, Violet, ndikudya chimanga.

Ndinkayembekeza kuti mudzi undisala. Sabata ziwiri sindinapite kutchalitchi. Amene anabwera kudzanditulutsa m'nyumba ndi Hannah yemweyo. Anati kulira kwanga sikudyetsa ana ake, ndivale chitenje tizipita kumsonkhano, ndipo poti ndine wapakamwa ndikagwiritse ntchito pakamwapo pa zinthu zothandiza.

Kumsonkhanoko, pansi pa mitengo ya kusukulu, ndi kumene ndinayamba kupumako. Alice anati mbewu yabwino ikapezeka, ngakhale yochepa, ingathe kuchulukitsidwa msanga. Ife timadula mtengo wobzala kutalika ngati mkono. Iye anationetsa kudula tizidutswa ta maso awiri okha, n'kutibzala mothinana pa nazale. Mtengo umodzi umene ife tinkapezapo zobzala zisanu, iye anapezapo makumi awiri ndi mphambu. Tikaphuka, umadulanso nsonga zake n'kubzala. Chofunika n'chakuti nazaleyo ikhale m'kanyumba ka neti yothinana maso, kuti tintchentche tija tisalowe, komanso izithiriridwa ngakhale m'chilimwe.

Neti anabweretsa a zaulimi, koma inabwera yosasoka. Mukanawaona amuna a kuno! A Gibson ndi anzawo, anthu oti munda amauwonera patali, anakhala pansi ndi singano zawo zosokera makoka, n'kumakangana za msoko ngati akukonza chilimira, khoka lawo la usipa lija. Masiku anayi kanyumba kanaima, kopanda ngakhale kabowo kolowa chala. A kumalo ogona alendo kuja anatibwereka pampu yoyendera dzuwa imene ankathiririra maluwa. Tsopano madzi a nyanja yomwe inatimiza ija akukwera phiri m'paipi kudzathirira nazale. Ndikawamva akutuluka ndimati bwera, unatilakwira, gwira ntchito.

Foni ija anatisiyira ife amayi. Timaitchaja pa sola ya kusukulu, ndipo imagona kwa Hannah. Tinagwirizana kuti mwambo wa ama sukufa, mbewu sitidzamana munthu. Koma aliyense wofuna kugawa ayambe wagwada ndi foni kunsi kwa chinangwa chake. Mukabwera mudzaona amayi ali chogwada m'minda m'mawa. Amuna akuti tayamba kupembedza chinangwa.

A zaulimi atipatsa mbewu yawo yatsopano yopirira matendawa, ndipo ili kale m'kanyumbamo. Tikuthokoza, idzatipulumutsa ku njala. Koma tinailawa. Kondowole wake ndi wodyeka, basi. Ndipo pamchenga wa kumtunda kuno, kumene nyanja yatikankhira, palibe akudziwa ngati idzalimbe ngati cha NyaLongwe. Alice yemwe anavomera kuti si nzeru kudalira mtundu umodzi nyengo ikusinthasintha chonchi. Anati tikapeza cha NyaLongwe chosadwala, theka la nazale ndi lake.

Tinachifuna. Tinayenda ndi foni mpaka ku Makuzi, tinafunsa kwa aliyense amene ama anamupatsako pa moyo wawo wonse. Paliponse foni inkati chikudwala. Alice anati kunyanja kuno tisataye nthawi. Ngati chilipo chabwino, chili kumalo okwera, kozizira, kumene tintchentche tija sitichuluka, kwa munthu amene anachitenga kalekale matenda asanafike.

Atanena zimenezo Hannah anatembenuka n'kundiyang'ana. Amayi onse anandiyang'ana. Palibe anatchula dzina lanu, koma onse analipo tsiku la ukwati wanu pamene ama anakusenzetsani mtolo pokwera basi, ife tikuseka kuti chinangwa chikachita chiyani kwa anthu a chimanga. Ndiponso onse analipo tsiku linalo.

Chiso, apa ndi pamene ndinati usadumphe.

Tsiku lotsatira maliro a ama, inu munapita kumunda m'mawa. Munadula mitengo khumi ndi iwiri pa mzere umene ama anabzala ndi manja awo asanagone pamphasa. Munang'amba mpendero wa chitenje chanu chamaliro n'kumangira mtolo. Ine ndinakupezani m'njira. Ndinakulandani mtolowo pamutu anthu akuona. Ndinati munda uwu ndi wa amene ankachapa zofunda za ama miyezi khumi ndi inayi, osati wa alendo obwera kudzalira tsiku limodzi. Ndinati kadyeni chimanga chanu.

Munangopukuta m'mutu, n'kupita kukadikira minibasi pamsewu.

Moyo wanga wonse ndinamana mbewu munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndi mwana wa ama. Patapita miyezi iwiri Jackie anandiuza kuti nthawi yonse imene ama ankadwala, inu maso anali akuchita khungu ndi shuga, moti simukanatha kukwera basi nokha, ndipo munaletsa aliyense kutiuza kuti ama asamwalire ndi nkhawa. Ndinamva, ndinadziwa kuti ndalakwa, koma ndinakhala chete. Ndinkati ndilemba mawa. Mawa lakelo lakwana zaka ziwiri, ndipo ndalemba lero chifukwa ndasowa. Zimenezonso ndikuzivomera, musavutike kundiuza.

Tsopano imvani chimene chimandisowetsa mtendere. Ndinamufunsa Alice kuti matendawa analowa liti m'munda wa ama. Anati poona mmene anafalikira, papita zaka zosachepera zitatu. Ndiye kuti mtolo umene ndinakulandani uja unali wodwala. Mukanapita nawo, mukanaubzala pafupi ndi chinangwa chanu cha paukwati, ndipo lero bwenzi cha NyaLongwe chitatha pa dziko lonse.

Musaganize kuti ndikudzitamanda. Ine ndinachita nkhanza, basi. Kuti nkhanzazo zinatchinga matenda, ameneyo ndi Mulungu amene amadziwa kuphika ndi nkhuni zaziwisi. Ama ankati kupatsa n'kuika. Anaika kwa inu tsiku la ukwati lija, ife tikuseka.

Ndikudziwa kuti chilipo. Mwezi wa Juni Chiso anatumiza chithunzi pa gulu la banja la pa foni, ataima kuseri kwa khitchini yanu atavala yunifolomu ya unamwino. Anthu onse ankayamikira mwana. Nanenso ndinayamikira mumtima, Chiso, unaoneka bwino. Koma sabata yatha ndinachifunanso chithunzicho n'kuchikulitsa ndi zala, osati pankhope pako, koma kumbuyo kwako. Ndinawerenga mapata asanu ndi anayi. Mapesi ofiira aja, masamba opyapyala aja, sindingawasokoneze. Zaka makumi awiri ndi zinayi mwakhala mukuchibzalanso kumalo ozizira kumene sichibereka bwino n'komwe. Ine ndinali ndi munda wonse ndipo ndinalephera kuusamala.

Pempho langa ndi ili. Choyamba, musalole aliyense kubzala chinangwa chochokera kwina pafupi ndi chanucho. Chiso agwade, ajambule masamba a m'munsi a phata lililonse, dzuwa lisanakwere kwambiri, atumize kwa Jackie kuti Alice awaone. Akapezeka abwino, Alice adzabwera yekha kudzatsimikiza. Ndipo mukalola, mutipatseko mitengo. Sitikupempha yonse. Khumi ndi iwiri ikwana. Alice akuti ikafika mwezi uno usanathe, pofika chaka chamawa banja lililonse mwa makumi atatu ndi limodzi aja lidzalandira kamtolo kake. Ikachedwa, nazale idzadzaza ndi mbewu inayo ndipo tidzadikira chaka china.

Amayi anandituma kuti ndikuuzeni zimene tinapangana, kuti mudziwe kumene mbewu yanu ikupita. Oyamba kulandira adzakhala amene minda yawo inamira, kuyambira amasiye. Ine ndidzakhala wotsiriza, ndipo ndinadzipempha ndekha. Palibe adzaigulitse. A zaulimi akafuna kutengako kuti akaifufuze, Hannah anawauza pamaso kuti alembe papepala kuti dzina lake likhalabe NyaLongwe, asadzatibwezere atachipatsa nambala ngati galimoto. Alice anaseka, koma analemba, ndipo pepalalo lili m'Baibulo la Hannah. Anasiya mzere umodzi wopanda kanthu. Akuti mwini mbewu ndi inu, ndiye mawu omaliza ndi anu.

Pali chinanso chimene Alice sanandibisire. Kuno kotentha, cha NyaLongwe chidzadwalanso pakapita zaka zingapo, ngakhale tisamale bwanji. Akuti njira yake ndi yoti mbewu yoyera izisungidwa kumapiri, ife tizidzatengako zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Ndiye kuti kuseri kwa khitchini yanu kudzakhala nkhokwe ya mudzi wonse wa kwanu kuno. Ndiye kutinso mukavomera, muzindiona pakhomo panu kawirikawiri mpaka mudzatope nane. Ganizirani bwino zimenezo musanayankhe. Alamu a Ackson nawonso aganizire, poti malowo ndi awo ndipo phokoso langa akulidziwa.

Mukakana, sindidzakunenani kwa munthu. Ndidzauza amayi kuti ndinakolola chimene ndinabzala. Koma ana a Hannah sanakulandeni kanthu, achemwali. Ngati simungathe kundipatsa ine, apatseni iwo. Mungathe kupereka kwa Jackie, ine osaonekera n'komwe.

Koma mtima wanga ukufuna kubwera ndekha. Ndikufuna ndikwere minibasi, nditsike, ndifike pakhomo panu ndigwade. Kugwada ndaphunzira chaka chino, maondo anazolowera. Ndikufuna mundigwire kumaso ndi manja anu, poti akuti maso saonanso bwino, mumve mmene ndakalambira. Ndakusowani. Ndikamasinja ndimayamba nyimbo ija tinkalandizana, ndikafika pamene munkalowa inu ndimangosiya.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ackson, muwauze kuti ndawasungira usipa wouma wabwino, wosapsa ndi mchere. Moni kwa anyamata onse. Chiso, yewu ukongwa powerenga mpaka pano. A Gibson akupereka moni, Hannah akupereka moni, ndi amayi onse a kunazale. Mulungu amene anasunga mapata asanu ndi anayi kuseri kwa khitchini akusungeni inunso, akupatseni mphamvu ndi masiku ambiri.

Kalata ino wanyamula ndi Jackie, ndipo agona kwanuko masiku awiri. Mu envulopu muli kanthu kena kofewa. Chiso, uwapatse mayi ako m'manja. Ndi mpendero wa chitenje chanu uja munamangira mtolo. Mitengo ija ndinaitaya tsiku lomwelo, koma kansaluko ndinakatola. Ndakachapa, ndakasita. Simuyenera kulemba yankho. Jackie akabwera nako kali kopindapinda m'thumba, ndidzamva kuti mwakana. Akabwera wopanda, ndidzadziwa kuti mwakasunga kuti mudzamangire mtolo, ndipo Loweruka lotsatira ndidzakhala pamsewu m'mamawa kudikira minibasi.

Ndine mng'ono wanu wapakamwa,
Violet NyaManda